Giyabokosi inafera pa Musina: za kukoka galimoto kuchokera ku Joni

Abale anga akumudzi, ndi inu anzanga muli kuno ku Joni amene mukusunga ndalama kuti tsiku lina mukatsike m'galimoto yanuyanu pakhomo pa amayi, ndikulemba izi mtima udakali kuwawa. Ndinafuna kupulumutsa R1,700, ndipo zomwe ndinataya zikupitirira R33,000. Ine ndimalandira R7,000 pamwezi, ndiye muwerengere nokha kuti ndi thukuta la miyezi ingati.

Ntchito yanga ndi yoyendetsa banja lina lachikulire. Ali ndi motorhome, galimoto ija yokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati momwemo. Mu Julaye 2024 anati akufuna kukakhala masabata angapo ku Cape Maclear, ndipo ine ndiwayendetse. Nthawi imeneyo n'kuti nditagula Polo ya 2011, ya otomatiki, pa R85,000 yomwe ndinaisonkhanitsa zaka zinayi. Abwana anandiuza mwaulemu kuti popeza sindingayendetse magalimoto awiri, ndikhoza kuikoka kumbuyo kwa motorhome mpaka ku Blantyre osawalipira kanthu, bola zokokera ndi mapepala ndione ndekha. Ndinagona osagona usiku umenewo ndi chimwemwe.

Njira zinali ziwiri. Kuikweza yonse pa thirela, matayala onse anayi osagunda pansi, kapena kuimanga ndi chitsulo chija amati A-frame, chomwe chimagwira kutsogolo kwa galimoto n'kumaikoka ikuyenda pa matayala ake.

Ndinayamba kwa wobwereketsa mathirela, bambo wina wachikulire wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Anati R8,500 masabata asanu, dipoziti R5,000 yobwezedwa, kalata yololeza kutuluka nayo m'dziko ndi mapepala a thirela zili momwemo. Nditamuuza kuti ndikuganizanso za A-frame, anasiya cholembera n'kundifunsa kuti galimotoyo ndi ya magiya apamanja kapena otomatiki. Nditayankha, anapukusa mutu.

"Mwana wanga, kaya ubwereka kwa ine kaya kwa wina, imeneyo usaikoke pa matayala ake. Katsegule kabuku kake uwerenge."

Anandifunsanso za layisensi. Ndinayankha monyada kuti ndili ndi Code 10. Iye anati Code 10, yomwe pa khadi amalemba C1, imalola thirela yosapitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake, pomwe thirela yake yokha ndi makilogalamu 600, Polo ndi pafupifupi 1,100. Anati pamafunika EB kapena EC1. Anandichenjezanso kuti thirela pa boda iliyonse imawerengedwa ngati galimoto payokha, ndipo pobwerera ndidzailipirira kachiwiri ili yopanda kanthu. Palibe chomwe anabisa. Ine ndinatuluka ndikuti mkuluyu akungofuna kundiopseza kuti ndalama ndisiye kwa iye. Mawu a akulu akoma akagonera.

Wa A-frame ndinamupeza kudzera pa gulu lina la pa WhatsApp. Mnyamata wochangamuka, woseka, wondiitana kuti "bra" kuyambira pa geti. Anati R6,800 zonse, ndipo galimoto iliyonse imakokeka, ungoika giya pa N (nyutulo) n'kusiya kiyi m'kati kuti chiwongolero chisakiyike. Ndinamufunsa za otomatiki kawiri konse. Anati wamangirapo zambirimbiri ndipo palibe anabwerako kudzadandaula. Tsiku lokatenga galimoto, pepala linali R9,150. Mawaya a magetsi akumbuyo R950, matcheni R600, kumasula bampala ndi kubwezera R800. Ndinati si munati zonse? Anati "zonse" ankanena chitsulocho. Bampala anali atadula kale, mabawuti atalowa, ulendo utatsala masiku awiri. Ndinalipira. Apa n'kuti njira yotchipa ija itaposa kale mtengo wa thirela, tisanachoke n'komwe.

Kabuku ka galimoto kanali m'kabati ya kutsogolo nthawi yonseyi. Sindinakatsegule.

Tinanyamuka 4 koloko m'bandakucha pa N1. Mpaka Polokwane zonse zinkaoneka bwino, Polo ikutsatira ngati mwana womvera, ine n'kumaisuzumira pagalasi. Mantha oyamba ndinawamva titadutsa Louis Trichardt, potsika mapiri a Soutpansberg kulowera ku matanelo aja. Galimoto yomangidwa pa A-frame yanga inalibe mabuleki ogwira, chifukwa m'kati munalibe munthu woponda, ndipo mnyamata uja sananditchulire n'komwe kuti pali chipangizo chochitira zimenezo. Ndiye tani yathunthu inkatikankha kumbuyo. Ndikaponda buleki ndinkamva motorhome ikukana kuima, kumbuyo kukugwedezeka. Adona anagwira mpando ndi manja awiri osalankhula. Ndinatsika phirilo ndi giya yachiwiri, malaya atanyowa.

Tinaima pa Musina kuti timwetse mafuta. Nditazungulira kumbuyo, fungo linandilandira, fungo la chinthu chopserera ngati mphika woiwalika pamoto. Pansi pa Polo panali kudontha oyilo wakuda bii. Ndinagwada n'kuika dzanja pafupi ndi giyabokosi, kutentha kwake sindinathe kufikitsa chala. Kuyesa kuliza, batire yatha chifukwa cha kiyi uja. Titailumikiza ndi mawaya inalira, koma kuika pa D injini inkangofuula, galimoto osasuntha ngakhale phazi limodzi. Matayala akutsogolo anali atadyeka m'mbali ngati wina wawapala ndi tupa.

Ndinakhala pansi pomwepo pa simenti n'kutsegula kabuku kaja. Zinalembedwa poyera: ya otomatiki isakokedwe mopitirira liwiro la makilomita 50 pa ola, ndipo isapitirire mtunda wa makilomita 50. Ine ndinali nditaikoka makilomita opitirira 500, nthawi zambiri pa 90.

Makaniko wa pa Musina ndi amene anandifotokozera zomwe ndikufuna aliyense amve. Mu giyabokosi ya otomatiki muli pampu yomwe imazunguza oyilo, ndipo pampuyo imayendetsedwa ndi injini. Injini ikazima, oyilo amangokhala pansi. Kuika pa N kumangolekanitsa injini, koma matayala amakhalabe olumikizidwa ku zitsulo za m'kati mwa giyabokosi. Ndiye mukamakoka, matayala akuzunguza zitsulozo pa liwiro lonse, zili zouma, popanda chozizizira, ola ndi ola, mpaka zimapsa. Anati ena a magiya apamanja amakokeka, komanso ma 4x4 ena omwe ali ndi kagiya kachiwiri kotha kuikidwa pa N, koma ngakhale amenewo woweruza ndi kabuku, osati wogulitsa chitsulo. Anatinso kwa galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo ngati yanga, bola ndikanapeza kangolo kaja konyamula matayala akutsogolo okha.

Ndinaimbira mnyamata uja. Kasanu osayankha. Atayankha anati chitsimikizo chake ndi cha chitsulo, ndipo chitsulo chathyoka ngati? Ndinamukumbutsa mawu ake. Anati ndimuonetse pomwe analemba. Madzulo ake anali atanditseka pa WhatsApp. Lisiti yomwe anandipatsa inali kapepala kolemba pamanja, kopanda dzina la kampani, kopanda adiresi.

Munthu yekhayo amene ndinamuganizira anali mkulu wa mathirela uja, ndipo ndinaimba ndi manyazi. Sanandinyoze ngakhale liwu limodzi. Anangofunsa kuti tili pati, ndipo ngati aliyense ali bwino. Anati atumiza mnyamata wake ndi thirela m'mawa mwake, mtengo R11,000 chifukwa cha mafuta ndi tsiku la mnyamatayo, ndipo anandiwerengera pa foni pomwe R2,500 yowonjezerayo ikupita. Anandiuza ndikaone kachitsulo kolembedwa zolemera ka motorhome ndimuwerengere manambala, kuti atsimikize kuti ikhoza kukoka makilogalamu 1,700. Thirela inabwera ndi mabuleki ake, tayala lapadera, malamba anayi, mapepala m'pulasitiki, ndi tizikwangwani ta makona atatu tija ta buluu ndi chikasu tomwe amafuna ku Mozambique pa galimoto yokoka ngolo. Dipoziti yanga anadzabweza yonse, osachotsapo ngakhale randi imodzi. Pa anthu onse omwe anagwira ndalama zanga pa ulendowu, ndi yekhayu amene mawu ake a tsiku loyamba anafanana ndi a tsiku lomaliza.

Koma thirela nayo musaione ngati mpumulo. Nkhani ya layisensi ija inatipeza. Ine sindikanaloledwa kuyendetsa. Mwayi unali woti abwana anatenga layisensi yawo kalekale, nthawi ya Code 08 yakale yomwe inasinthidwa kukhala EB, ndipo motorhome yawo siipitirira makilogalamu 3,500. Ndiye bambo wa zaka zopitirira 70, amene anandilemba ntchito kuti asamayendetse, ndi amene anagwira chiwongolero kuchokera pa Beitbridge, kudutsa Masvingo, Harare, Mutoko, Nyamapanda, Tete, mpaka Zobue, masana okhaokha chifukwa usiku saona bwino. Ine ndili pambali. Ulendo wa makilomita opitirira 1,700 womwe tinauwerengera masiku atatu unatenga asanu ndi limodzi. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanakalipa.

Pa boda tinali ndi milu itatu ya mapepala: wa motorhome, wa thirela, ndi wa Polo yomwe inkangodutsa kupita kwathu. Inshulansi, msonkho wa msewu, chilolezo cholowera, thirela inkafuna zakezake. Pa Beitbridge ejenti wina wokonza mapepala a pa boda anatitsekereza tisanaime n'komwe, chikwama chakuda m'khwapa, nati madola 150 amaliza zonse za Polo. Mapepala atalowa m'manja mwake nyimbo inasintha. Madola 120 a chikole cha katundu wodutsa, 80 oti fayilo ikwere pamwamba, 60 oti mnzake wina asaine. Ndinatulutsa madola 410, ndipo malisiti omwe ndinalandira akukwana 190. Otsalawo analowa m'thumba la ndani? Tinakhalapo maola 11. Ngati simungathe kupeza ejenti wokhala ndi ofesi yooneka, wokulemberani mtengo wonse pa pepala musanamupatse buku la galimoto, musanyamuke. Ndipo chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti galimoto si yakuba mukatengeretu ku Joni komweko, chifukwa ndinaona munthu akubwezedwa pamzere womwewo atayenda usiku wonse.

Pa Mwanza msonkho unali K6 miliyoni ndi kanthu. Pamenepa sindidandaula munthu, ndi lamulo, koma dziwani kuti msonkho sufunsa ngati galimoto ikuyenda kapena yafa. Dziwaninso kuti chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masamu onse omwe munamva kwa anzanu amene analowetsa magalimoto kale ndi otha ntchito. Wina pa gulu lija ananditsimikizira kuti wokhala kunja salipira. Mwayi umenewo ndi wa munthu wobwerera kwathu kukakhazikika, amene wakhala nayo galimotoyo nthawi yaitali m'dzina lake. Ine ndinali nditangoigula miyezi itatu yapitayo ndipo ndinkabwereranso ku ntchito. Gawo lina la msonkhowo anandikongoza ndi abwana.

Polo inafika ku Bangwe, kwa achimwene anga, tikuikankha anthu asanu kuitsitsa pa thirela. Ana anathamanga kudzaizungulira, amayi anali atavala chitenje chatsopano kuti ndikawayendetse kutchalitchi. Anaigwira pa boneti, nandiyang'ana, n'kunena kuti, "Bola mwafika amoyo, mwana wanga." Ndinalowa m'nyumba.

Inu akumudzi, ndikupemphani, lekani kutipanikiza. Foni iliyonse, "mwana wa uje wabwera ndi galimoto, inu liti?" Simudziwa kuti mwana wa ujeyo ali ndi ngongole zingati. Ndipo inu anzanga akuno, galimoto ya R85,000 si ya R85,000. Ngati mulibe ina yofanana nayo pambali ya msonkho, maboda, mafuta ndi zogwa mwadzidzidzi, simunakonzeke, ngakhale mtima ukuthamanga bwanji. Muganizirenso za mtundu wake. Makaniko atatu a ku Ndirande ndi ku Limbe anandiuza chimodzimodzi, kuti ikanakhala Toyota giyabokosi akanaipeza tsiku lomwelo, koma ya Polo ya otomatiki ndiitanitse ku Joni komwe ndachoka. Ngati muli ndi munthu wodalirika wa layisensi, ingomulipirani aiyendetse. Ngati mulibe, ikwezeni pa lole yonyamula magalimoto kapena pa thirela, mutafunsa kaye layisensi ya woyendetsa ndi mphamvu ya galimoto yokokayo. A-frame musaiyandikire musanawerenge kabuku ka galimoto yanu ndi maso anu, ndipo wogulitsa akati "iliyonse imatheka", muuzeni alembe ndi kusaina.

Giyabokosi yogwirapo kale ntchito ndinaigula R17,500, kuitumiza kwathu R2,200, matayala awiri R1,900, osawerengera K450,000 ya makaniko ndi batire yatsopano. Thirela tinabwerera nayo yopanda kanthu, kuilipiranso pa Zobue ndi pa Nyamapanda monga mkulu uja ananenera. Polo inakhala pa miyala miyezi isanu ndi iwiri, nkhuku zikubisala dzuwa pansi pake, mpaka mu Febuluwale pomwe achimwene ananditumizira kavidiyo ikutuluka pa geti, amayi ali pampando wakutsogolo atagwira Baibulo. Ine sindinaiyendetsebe pa msewu wa kwathu. Abwana akundidula R1,500 mwezi uliwonse, ndipo tchuthi china ndidzapempha ngongoleyo ikatha.