Falcon ute kapena Commodore ute: kusiyana kwake kuli pansi pa boneti

Ku Australia kuli mtundu wa pikapu umene kutsogolo kwake ndi galimoto wamba ya banja, kumbuyo kokha n'kumene kuli bodi yonyamulira katundu. Eni ake amaitcha ute. Ford ndiye anaitchukitsa mu 1934 pafakitale yake ya ku Geelong, pamene mnyamata wina wojambula magalimoto, Lew Bandt, anakonza galimoto yoti mlimi apitire kutchalitchi Lamulungu, Lolemba n'kunyamulira nkhumba kumsika. Holden, kampani ina yopanga magalimoto ku Australia, anatulutsa yake mu 1951, ndipo kuyambira pamenepo makampani awiriwa sanapatsane mpata. Lero mafakitale onse anatsekedwa, wa Ford mu 2016 ndipo wa Holden mu 2017, koma wofuna ute yakale amaimabe pamphambano yomweyo: Ford Falcon kapena Holden Commodore.

Ine ndili kumbali ya Falcon, ndipo chifukwa changa chachikulu ndi injini.

Injini ya Falcon ili ndi masilinda 6 ondandalikana pamzere umodzi. Mapisitoni ake amayenda awiriawiri: yoyamba ndi yomaliza zimakwera pamodzi, yachiwiri ndi yachisanu chimodzimodzi, ziwiri zapakati nazonso. Magulu atatuwa amapatsana mpata ngati amayi atatu osinja mumtondo umodzi, wina akamatsitsa munsi mnzake akukweza. Kugwedezeka kwa pisitoni imodzi kumafafanizidwa ndi inzake, choncho injiniyo sifuna zitsulo zina zoiletsa kunjenjemera. V6, imene masilinda ake amakhala atatu uku atatu uko, simakhazikika yokha chonchi. Komanso injini ya mzere umodzi ili ndi mutu umodzi basi, ndipo makaniko akatsegula boneti amapeza malo mbali zonse ziwiri olowetsa dzanja ndi sipanala. Vuto lake ndi kutalika. Imafuna boneti yaitali, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene makampani ambiri anaisiyira.

Ford wa ku Australia sanaisiye. Falcon yoyamba, XK ya 1960, inabwera ndi injini ya ku America ya malita 2.4, ndipo ute yake inatuluka mu 1961. Ku America injiniyo anadzaitaya, koma ku Geelong anapitiriza kuikulitsa ndi kuikonza. Pofika 1970 inali ya malita 4.1. Mu 1976 anaisintha mutu kuti mafuta azilowera mbali ina, utsi n'kumatulukira mbali inayo. Mu 1988 camshaft, chitsulo chotsegula mavalavu, inachoka m'mimba mwa injini n'kukwera pamwamba, ndipo mu 2002, pa Falcon BA, panabadwa injini yotchedwa Barra: malita 4.0, macamshaft awiri, mavalavu 24, koma thupi lake likadali lachitsulo cholemera monga la makolo ake. Ndi banja limodzi la injini limene linakhala zaka 56 likuphunzira ntchito imodzi.

Holden nayenso anayamba ndi masilinda 6 a mzere umodzi, ndipo anthu amawakumbukira ndi mtundu wa penti yake: yotuwa ya 1948, yofiira ya 1963, yobiriwira ngati thambo ya 1980, kenako yakuda. Mu 1986, pamene dzikolo linalamula kuti magalimoto atsopano aziyendera petulo wopanda mtovu, injini yakaleyo inalephera kutsatira, ndiye Holden anagula injini ya RB30 kwa Nissan. Inali injini yabwino kwambiri, koma sinakhalitse, ndiponso nthawi imeneyo Holden sankapanga ute ya Commodore. Ute itabwerera mu 1990 inali ndi V6 ya malita 3.8 yochokera kwa Buick, ndipo mu 2004 inalowedwa m'malo ndi Alloytec ya malita 3.6. Mzere wa makolo unadukira mu 1986 muja.

Tiike pambali mbiri, tione zomaliza zimene mungazipeze pamsika. Falcon FG ya 2008 yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya wochuluka m'injini) imatulutsa mphamvu ya 195 kW ndi mphamvu yokoka ya 391 Nm. Commodore SV6 ya injini yopopera mafuta mwachindunji m'masilinda imafika 210 kW, koma yokoka ndi 350 Nm. Papepala Holden akuoneka wopambana. Pamsewu, bodi itadzaza matumba a simenti ndipo mukunyamuka pachitunda, nambala yachiwiriyo ndi imene mumaimva kumsana. Pisitoni ya Barra imayenda mtunda wautali kuposa kukula kwa silinda yake, ndiye imakoka injini isanayambe kukuwa. V6 ija imafuna muiponde kaye kuti idzuke.

Kumbuyo nakonso kuli kusiyana kumene ogula ambiri sakuona. Kuyambira pa Falcon AU ya 1999, bodi yake ndi yapayokha, yokhala pa chasisi, ndipo pansi pali masipuling'i amasamba monga a lole. Mutha kuichotsa n'kuikapo thireyi yafulati, ndipo ina mwa mitundu yake imaloledwa kunyamula tani yathunthu. Commodore, kuchokera pa VU ya 2000, bodi ndi kabini n'chinthu chimodzi, ndipo tayala lililonse lakumbuyo limadziyendera palokha. Ikakhala yopanda katundu, pamakona imagwira msewu bwino kuposa Falcon, imene imadumphadumpha kumbuyo pamabampu. Koma ute wamba ya Commodore pa tani sifikapo.

Pamenepa ndiyenera kuchita chilungamo: wofuna V8, injini ya masilinda 8, apite kwa Holden osayang'ana m'mbuyo. Commodore SS ya malita 6.0, ndi yomaliza ija ya malita 6.2 ya 2015 yotulutsa 304 kW, ndi magalimoto okoma kuyendetsa, ndipo zipangizo za injini zake n'zosavuta chifukwa ndi za banja la Chevrolet. Amene mwakhalako ku South Africa mwina munaiona ikuyenda ndi dzina la Chevrolet Lumina Ute. Yankho la Ford linali XR6 Turbo, Barra yomweyo yovekedwa turbo, 240 kW mu 2002 ndipo 270 kW pa FG. Thupi lachitsulo lija limapirira mpweya wochuluka, n'chifukwa chake amakaniko a kumeneko amaizula m'ma Falcon owonongeka n'kumaiika m'magalimoto ena.

Pogula, chilichonse chili ndi poyang'ana. Alloytec zoyambirira zimadziwika ndi kutamuka kwa tcheni cha taimingi (chozungulitsa macamshaft), makamaka ngati mwini wake ankachedwa kusintha oyilo, ndipo kukonza kwake kumadya ndalama chifukwa matcheni ake ndi atatu. Ilizeni injini ili yozizira, mumvetsere kulira kwa chitsulo kutsogolo. Pa Falcon ya giya yosintha yokha, onani choziziritsira oyilo wa giyabokosi: chikaboola, madzi amasakanikirana ndi oyiloyo n'kupha giyabokosi yonse. Mafuta zonse zimamwa, ndipo Barra imamwa kwambiri m'tauni. Eni matakisi ku Australia ankaithamangitsa pa gasi wa LPG, ndipo Ford ankaigulitsa yokonzeka kale choncho kuchokera kufakitale.

Ngati ute yanu idzakhala yonyamula zida tsiku ndi tsiku kapena yokoka ngolo, tengani Falcon FG ya Barra yopanda turbo, ndipo funsani ngati ili ya masipuling'i a tani imodzi musanapereke ndalama.