Misewu yolumikizana kapena timisewu topanda potulukira?

Okonza mapulani a mizinda akamayala misewu m'dera latsopano amatsata imodzi mwa njira ziwiri. Ena amadula malo ngati mabokosi, msewu uliwonse n'kumakumana ndi unzake. Ndi mmene anachitira ku Manhattan, dera la mzinda wa New York, mu 1811, pomwe anajambula misewu ikuluikulu 12 ndi ina 155 yopingasa, komanso mmene anachitira injiniya Ildefons Cerdà ku Barcelona, mzinda wa ku Spain, mu 1859. Ena amakonda timisewu tokhotakhota tongothera pakhomo la munthu, ngati nthambi za mtengo. Tauni ya Radburn ku New Jersey, m'dziko la America, yomwe inatsegulidwa mu 1929, inathandiza kutchukitsa njira imeneyi.

Kamsewu kopanda potulukira sikoipa konse ayi. Galimoto yongodutsa siilowamo, phokoso ndi lochepa, ana amamenya mpira pamsewu osaopa.

Koma taganizirani mwana amene denga la sukulu yake likuoneka kuseri kwa mpanda wa kwawo. Podutsa palibe. Ayenera kutuluka m'kamsewu kawo, kukalowa mumsewu waukulu, n'kuzungulira mtunda wautali. Mapeto ake makolo amangomukweza galimoto, ndipo magalimoto a dera lonse amakathithikana pamsewu umodzi womwewo. Pakachitika ngozi, aliyense waima. Basi nayo imavutika, chifukwa polowera ndi pomwe potulukira.

M'misewu yolumikizana woyenda pansi amasankha yekha pokhotera, ndipo masitolo amakonda pamphambano poti anthu sathapo. Vuto lake ndi madalaivala othawa mzere, amene amathamangitsa galimoto pakati pa nyumba za anthu. Mphambano zikachuluka, malo owombanirana achulukanso.

Ine ndimasankhabe yolumikizana, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: nyumba zimagwetsedwa, zina n'kumangidwa, koma msewu susuntha wamba. Mzinda wa London utapsa mu 1666, katswiri wa zomangamanga Christopher Wren anajambula pulani yatsopano, komabe anthu anamanganso motsata misewu yakale, poti aliyense ankateteza malire a malo ake. Msewu wolumikizana ukasowetsa mtendere, kuukonza sikuvuta. Mu 2016 ku Poblenou, ku Barcelona komweko, anaika miphika ya mitengo ndi mabenchi kuti magalimoto asamangodutsa, pomwe oyenda pansi ndi apanjinga ankadutsabe. Koma kuti muboole kamsewu kotsekeka muyenera kugula nyumba ya munthu n'kuigwetsa, ndipo anansi amene anazolowera bata kwa zaka zambiri savomera msanga.