Kapuchi mu mpunga: kupopera, nyale kapena kulimbana ndi zitsa?

Anzanga olima mpunga ku Chama, ku Mambwe ndi m'madambo a ku Lundazi, ngala zoyera zopanda kanthu zija timaziona m'Malichi, ntchito ya kapuchi, mbozi yoboola phesi la mpunga, imakhala inayamba kale. Kagulugufe kausiku kamaikira mazira pamasamba, timbozi tikaswa sitichedwa kunja, timalowa mu phesi nkumadya mkati. Mpunga ukakhala waung'ono mtima umauma, ukakhala wamasula ndiye ngala imayera. Ndipo kuchoka pa dzira kufika pa gulugufe wina ndi mwezi ndi masabata ochepa chabe, so munyengo imodzi ya mvula amaswana kangapo.

Kupopera ndiye ambiri timathamangira. Vuto lake mankhwala ambiri amagwira mbozi ikadali kunja, ikalowa mu phesi basi mwangotaya ndalama, ndipo munthu amanyamula sipuleya ataona kale ngala zoyera, pamenepo palibe chobweza. Komanso mumapha akangaude ndi timavu tija timadya mazira ndi mbozi zake, osanena za madzi am'dambo omwe ng'ombe zimamwa ndi ana amagwiramo nsomba. Ine izi zimandiwawa kwambiri.

Nyale ya sola pamwamba pa beseni la madzi a sopo ndiyabwino, koma musayembekeze kuti itha kapuchi. Imangokuuzani kuti agulugufe achuluka tsopano, yambani kuyang'ana mazira pamasamba.

Njira imene ine ndaikonda ndi ya zitsa. Mtundu woyera wa kapuchi, wotchedwa Maliarpha separatella, umakonda mpunga basi, ndiye tikakolola mu Meyi mbozi zake sizipita patali, zimagona pansi mu zitsa chilimwe chonse kudikira mvula, ikagwa mu Novembala kapena Disembala zimasanduka agulugufe nkuyambira munda womwewo. Mukamweta motsika, nkugawula kukwirira zitsa msanga mutangokolola, kapena kuzimiza m'madzi ngati madzi alipo, mwachepetsa makolo ake asanaikire ndi dzira limodzi. Sizifuna ndalama koma thukuta lokha, ndipo nthaka yam'dambo ikauma khasu limadumpha, nchifukwa chake osachedwa.

Koma iyi siyochita wekha ayi. Mnansi akasiya zitsa zake, kapena akadzala mochedwa ndi mwezi, agulugufe amangosamuka munda ndi munda. Kambiranani pa dambo lonse mudzale nthawi imodzi, mankhwala asiyireni pamene nyale ndi mazira zaonetsa kuti zavuta.