Gasser, sled ndi zitsulo: chothandiza lineman ndi chiti?

Mu mpira wa ku America, lineman ndi chimphona chija choima kutsogolo, cholimbana ndi mnzake maso ndi maso mpira ukangoyamba. Mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, ambiri a mzere woteteza quarterback (woponya mpira) amapitirira makilogalamu 136. Ntchito yake imatha masekondi 4 mpaka 6, kenako amapuma, poti wotchi imapereka masekondi 40 kuti sewero lina liyambe. Njira iliyonse yolimbitsira thupi tiziiyeza ndi masekondi amenewo.

Pa zitsulo mkangano umakhala pakati pa njira ziwiri zonyamulira: 5/3/1 ya Jim Wendler ndi Westside ya malemu Louie Simmons wa ku Columbus, Ohio. Ya Wendler ndi yosavuta. Mutenge 90 peresenti ya kulemera komwe munganyamule kamodzi, muziwerengera pamenepo. Sabata yoyamba munyamule kasanukasanu pa 65, 75 ndi 85 peresenti, yachiwiri katatukatatu pa 70, 80 ndi 90, yachitatu mufike pa 95, yachinayi mupepuze. Mwezi ukatha muonjezere mapaundi 10 pa squat (kunjuta chitsulo chili pamapewa) ndi deadlift (kudzula chitsulo pansi), 5 pa bench (kukankha chitsulo mutagona chagada). Imakwera ngati nkhono, koma mnyamata wa sekondale savulala nayo chisawawa.

Westside imafuna masiku 4 pa sabata, awiri onyamula zolemera kwambiri, awiri onyamula mothamanga, monga box squat (squat yokhalira pa bokosi) maseti 10 mpaka 12 a kawirikawiri. Liwiro lotere ndi lomwe lineman amafunadi pochoka pansi. Mtengo wobisika ndi matcheni, malamba a labala, ma bar apadera, ndiponso mphunzitsi wodziwa kuona kuti chitsulo chayamba kuchedwa. Popanda iye, tsiku la liwiro limangosanduka tsiku lina lolemera, mapewa ndi mawondo n'kuyamba kulira. Musaiwalenso kuti njirayi inapangidwira anthu a powerlifting, mpikisano wonyamula zitsulo, omwe sagundana ndi aliyense pa tsiku la masewero.

Chondinyansa ine ndi gasser. Uku ndi kuthamanga m'mimba mwa bwalo, mayadi 53, maulendo anayi osaima, pafupifupi mayadi 213. Aphunzitsi amaikonda chifukwa siifuna chida, ndipo wotopa amaoneka ndi maso. Koma lineman athamanga liti mayadi 213 pamasewero? Amene amavutika kwambiri ndi iye, amene amapindula pang'ono ndi iyenso. Potopa amawongoka, chiuno chimakwera, mapazi amakokeka, ndiye kuti mukumuphunzitsa kaimidwe komwe kamamugwetsa pamzere. Phazi lililonse likamatera, thupi lonselo limatsikira m'mawondo ndi m'akakolo. Kutenthanso kumachedwa kuchoka m'thupi lalikulu. Korey Stringer, lineman wa timu ya Minnesota Vikings, anamwalira mu Ogasiti 2001 chifukwa cha kutentha kwa thupi pa kampu ya ku Mankato. Sikuti inamupha ndi gasser, koma zimenezo n'zokwanira kuti wophunzitsa zimphona asamazilange ndi mtunda padzuwa.

Sled, chilei chokankha chomwe amaikapo zitsulo, imagwira ntchito yomweyo mwanzeru. Muike zitsulo zoti munthu akankhe mayadi 10 m'masekondi 5 kapena 6, apume masekondi 30 mpaka 40, abwereze ka 8, apume mphindi zitatu, achitenso. Msana ukhale wowongoka, chiuno pansi, mapazi afupiafupi. Akayamba kupitirira masekondi 8, chotsani chitsulo chimodzi. Pokankha palibe katundu wotsika naye, choncho mawa lake miyendo siiphwanya kwambiri ngati pa squat. Vuto lake ndi pansi: pa udzu wautali imamira, pa simenti imadyeka, ndiye kulemera komweko kumasiyana malinga ndi bwalo. Muziyeza ndi wotchi, osati ndi zitsulo.

Nanga bench ya mapaundi 225 ya ku NFL Combine, komwe amayesa osewera ofuna kulowa mu NFL? Stephen Paea anainyamula ka 49 mu 2011. N'zogometsa, koma imayeza kupirira kwa manja munthu atagona chagada. Wongoyamba atenge 5/3/1 ndi sled, Westside aidikire mpaka atapeza mphunzitsi woidziwa.