Ndimapita kuntchito kudzera pansi pa nyanja

Amayi atamva kuti ndimadutsa pansi pa madzi popita kuntchito, anakhala chete pafoni, kenako anafunsa kuti, "Nanga iwe, ukatuluka umakhala utanyowa?" Ndinaseka mpaka misozi. Koma funso lomwelo landipezanso kuchokera kwa amalume ndi kwa anzanga awiri a ku Ndirande, ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense adziwerengere yekha.

Ndimakhala mumzinda wa Newport News, ku Virginia, m'dziko la America. Ntchito yanga yosamalira okalamba ili ku Suffolk, tsidya lina la doko lalikulu lotchedwa Hampton Roads, pomwe mitsinje ya James, Nansemond ndi Elizabeth imakumana isanathire mu Chesapeake Bay. Mizinda ya kuno inazungulira madziwa ngati ana ozungulira mbale ya nsima: Hampton ndi Newport News kumpoto, Norfolk, Portsmouth, Chesapeake ndi Suffolk kumwera. Ukaima pagombe, tsidya linalo umaliona ndi maso. Kufikako ndiye ntchito.

Msewu wanga ndi I-664. Kuno misewu ikuluikulu yodutsa dziko lonse imakhala ndi nambala imodzi kapena ziwiri, ndipo ya nambala zitatu ndi nthambi zake. Wangawu ndi mwana wa I-64. Umapatuka ku Hampton, n'kukakumananso ndi mayi wake ku Bowers Hill, mumzinda wa Chesapeake, utayenda makilomita 33.

Ndimanyamuka kusanache. Ndimadutsa pafupi ndi Newport News Shipbuilding, komwe amapanga zombo zankhondo zija ndege zimatera pamwamba pake, kenako milu ya malasha yodikira kukwezedwa m'zombo, yakuda bii, yaitali kuposa nyumba zosanjikizana. Ukangopitirira malashawo msewu umayamba kutsika, thambo n'kusowa. Wangolowa basi. Mkati muli magetsi, makoma osalala, ndi phokoso la matayala lomwe limamveka ngati chigayo. Pamwamba pa mutu wako pakhoza kukhala chombo chodzaza makontena, iwe osadziwa. Ndi mtunda wa kilomita imodzi ndi theka. Ukatuluka umapezeka pa kachilumba komanga anthu ndi miyala ndi mchenga, ndipo kuchokera pamenepo ndi mlatho wotsika, wa makilomita asanu, madzi uku madzi uku, mpaka ku Suffolk. Zonse pamodzi ndi makilomita 7.4. Tangoganizani kuchoka ku Blantyre mpaka ku Limbe osaponda dothi.

Amalume anafunsa zanzeru: bwanji sanangomanga mlatho umodzi wautali? Chifukwa chake ndi asilikali apamadzi. Ku Norfolk kuli malo awo aakulu kuposa ena onse padziko lapansi, ndipo safuna mlatho pamwamba pa njira ya zombo zawo, poti utagwa, kaya pankhondo kaya pangozi, zombozo zingatsekeredwe mkati ngati mbuzi m'khola. Ndiye pomwe pali pozama, podutsa zombo, msewu umagwada n'kulowa pansi. Posaya ndi pomwe umakwera pamlatho.

Anautsegula mu 1992, ndipo dzina lake ndi Monitor-Merrimac. Awa ndi mayina a zombo ziwiri zokutidwa ndi chitsulo zomwe zinawomberana m'madzi omwewa mu Marichi 1862, pankhondo yapachiweniweni ija yokhudza ukapolo. Aka kanali koyamba kuti zombo zachitsulo zimenyane zokhazokha, ndipo palibe chinamiza chinzake. Ine dzinali linanditengera miyezi kuti lilime lizolowere.

Tsono imvani zomwe sindinanene pafoni. Pamsewuwu palibe woyenda pansi, palibe njinga, palibe kabaza, palibe kondakitala woti umukuwire kuti "tsitsa apa". Ndi lamulo. Mabasi alipo koma ndi ochepa, ndipo nthawi zake sizigwirizana ndi shifiti ya munthu woyamba ntchito 7 koloko m'mawa Lamlungu. Miyezi inayi yoyamba ndinkakwera galimoto ya mayi wina wa ku Ghana yemwe timagwira naye ntchito, ine n'kumathirako mafuta. Akadwala iye, ndadwala ine. Akasinthidwa shifiti, ine m'mimba kuti myuu. Miyezi ija ndalama zinachepa kumudzi, achemwali mpaka munandikwiyira, sikuti ndinkadya bwino. Ndinkasunga za laisensi, za inshuwalansi, ndi za galimoto yakale yomwe ndili nayo pano. Kuno galimoto si ulemu ayi, ndi khasu.

Ndipo ngakhale uli nayo, bwana weniweni ndi msewuwo. Kulowera mbali imodzi kuli mizere iwiri yokha, ndipo mkati muja mulibe popatukira. Galimoto imodzi ikafa, tonse tafa nayo. Anthu akangoona khomo amaponda mabuleki popanda chifukwa, mwina ndi mantha, ndipo mzere umayambira pomwepo. Zikavuta ku Hampton Roads Bridge-Tunnel, njira yakale ya mu 1957 yopita ku Norfolk yomwe akhala akuikulitsa kwa zaka, anthu onse a kumeneko amathawira kwathu kuno. Chilimwe zimaonjeza, chifukwa alendo opita kukasamba ku Virginia Beach amadzaza paliponse. N'chifukwa chake ndikadzuka ndimayamba ndaona foni, ngati msewu wafiira pa mapu, kusonyeza kuti magalimoto adzaza, kapena ayi, ndisanatsuke n'komwe m'kamwa. Ukafiira ndimazungulira pa James River Bridge. Chabwino chake n'chakuti pa Monitor-Merrimac sitilipira, pamene njira ziwiri zapansi za pakati pa Norfolk ndi Portsmouth zimadya ndalama ulendo uliwonse.

Tsiku lina la mu Januwale tayala linaphulika ndili pakati pa mlatho, mdima usanachoke. Ndinaimika m'mbali, mathiraki akudutsa galimoto n'kumagwedezeka, mphepo yozizira ikulowa mpaka m'mafupa. Kwathu pakanasonkhana anyamata asanu, wina ndi jeke, wina ndi malangizo okhaokha. Pano panalibe munthu, koma mbalame za m'nyanja. Ndinayamba kuimba nyimbo ya kwaya yathu kuti ndisalire. Patapita kanthawi inafika galimoto ya boma yoyendera msewu, magetsi ali phethiphethi. Anandiona pa kamera. Bambo wake anasintha tayala, ndipo nditatulutsa ndalama kuti amwe tiyi anakana, n'kunena kuti ndinyamuke msanga ndisatseketse msewu. Kuntchito ndinachedwa ndi mphindi 50, ndipo anandidula za mphindi 50 zomwezo.

Madzulo pobwerera ndimayambira pamlatho, dzuwa likulowa kumanzere kwanga, madzi atafiira ngati ku Mangochi. Amayi, chithunzi munapempha chija sindingajambule ndikuyendetsa, apolisi a kuno sanyengerera. Loweruka likubwerali mnzanga wa ku Ghana uja ndiye ayendetse, ine ndijambula kuyambira pa malasha mpaka potulukira, muone nokha kuti malaya amakhala ouma.