Malo osindikizira matisheti pafupi ndi msika wa Ulongwe: utoto ndi wabwino, koma pa Chijapani khalani tcheru

Mnyamata wa pamalowa ali ndi makina otentha okanikizira zilembo pansalu, ndipo masiku ano achinyamata akumulembetsa mayina a mayiko m'Chijapani pamajuzi a mpira. Ine ndinapita ndi matisheti awiri, ina ya Mozambique, ina ya mlamu wanga wa ku Dedza yolemba Malawi. Mtengo si woboola m'thumba, ndipo utoto sunasuluke ngakhale tachapa ndi sopo wa mtanda.

Mayina ambiri a mayiko akunja Ajapani amawalemba ndi zilembo za katakana, motsata mmene dzinalo limamvekera. Mozambique imakhala モザンビーク, kuwerenga kwake Mozanbiiku. Malawi ndi マラウイ, Maraui, poti iwo sasiyanitsa l ndi r, monga ife timanenera Lilongwe wina n'kumva Rirongwe osadabwa. Ya mlamu inatuluka bwinobwino.

Yanga ndiye ayi. M'malo mwa ン anaika ソ. Zilembo ziwirizi n'zofanana kwambiri, kusiyana kwake n'kwakuti kamzere kakatali ka ン kamakwera kuchokera pansi pomwe ka ソ kamatsika kuchokera pamwamba. Basi dziko lathu linasanduka Mozasobiiku. Komanso analemba chotsika m'mbali mwa tisheti, koma kamzere kotalikitsa mawu, ー, anakasiya chogona. Polemba chotsika, kamzereko kamayenera kuimirira.

Nditamuonetsa sanachite makani. "Pepani achimwene, ndinangokopera pa foni," anatero, n'kusindikiza ina osandilipiritsanso. Apa ndiye anandigwira mtima.

Chomwe chinandisangalatsa ndi pepala la mayiko lomwe wamata pakhoma. Ife odziwa Chipwitikizi tikhoza kumva ena mwa mayinawo: Britain ndi イギリス, Igirisu, kuchokera ku inglês, ndipo Holland ndi オランダ, Oranda, kuchokera ku Holanda. Apwitikizi anafika ku Japan m'chaka cha 1543, pachilumba cha Tanegashima, n'kusiyako mawu awo. America ili pomwepo kawiri, アメリカ komanso 米国, ndipo chilembo choyamba cha dzina lachiwirili chimatanthauza mpunga. Mnyamatayo amakonda kulemba yachiwiriyi poti ndi yaifupi, imadya pepala lochepa.

Mukapita, tengani dzinalo lolembedwa kale, ndipo mulione pa kompyuta yake asanatenthetse makina. Loweruka pamadzaza anthu, bola m'kati mwa sabata m'mawa.