Nikkor 50mm f/1.2: zomwe ndaona pa zithunzi patatha miyezi isanu

Sabata ziwiri zoyambirira nditagula lenzi iyi ndinkangoti ndataya ndalama. Ndinkajambula mwana wanga wamkazi atakhala pafupi ndi windo dzuwa litapendeka. Pa kasikirini ka kamera chithunzi chinkaoneka chokoma, koma ndikachitsegula pa kompyuta nkuchikulitsa, maso ake ankakhala ali mbuu, ngati ndawajambulira pagalasi lomwe wina wangopumirapo. Khutu lokha, kapena nsonga ya mphuno, ndiye nkumaoneka ngwee. Khutu limenelo linkandiuza poyera kuti lenzi ikugwira ntchito yake ndipo wophonya ndine, koma kuvomera kunanditengera masiku.

Lenzi yake ndi Nikkor 50mm f/1.2 ya mtundu wa AI-S, yomwe Nikon inatulutsa mu 1981 kulowa m'malo mwa ya AI ya 1978. Yanga ndinagula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ndimaimanga pa kamera ya mirrorless (yopanda kalilole m'kati) ya sensa yaikulu, ya mamegapikiselo 24, kudzera pa adaputa, kachitsulo kolumikiza lenzi ndi kamera. Ilibe injini yofokasira, ilibenso kalikonse kolankhulana ndi kamera. Fokasi ndi dzanja lanu, apecha (kukula kwa bowo lolowera kuwala) ndi dzanja lanu. Ukainyamula umamva kuti ndi chitsulo ndi galasi basi, magalamu pafupifupi 360, ndipo mkombero wa fokasi umazungulira mofewa koma mosaterera. Zimenezo ndi zosangalatsa m'manja, koma sizomwe ndikufuna kukamba. Ndikufuna kukamba za chomwe chimatuluka.

Tiyambe ndi nkhani ya khutu lija, chifukwa munthu sangaweruze lenzi yotere asanaimvetse. Nambala ya 1.2 ikutanthauza kuti bowo lolowera kuwala, ukaliyang'ana kutsogolo, ndi lalikulu mamilimita pafupifupi 42, kutanthauza 50 kugawa ndi 1.2, ndipo nambalayo ikamakwera bowo limachepa. Bowo likakula chonchi, gawo lomwe limaoneka bwino kutsogolo ndi kumbuyo kwa pomwe wafokasa limachepa koopsa. Munthu akaima mita imodzi kuchokera pa kamera, gawolo silikwana masentimita atatu. Akaima mamita awiri limafika cha m'ma 11. Ukayandikira mpaka theka la mita, pomwe ndi polekezera pa lenzi iyi, umatsala ndi mamilimita asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Ndiye taganizani: mwana sakhazikika, inenso ndikupuma, thupi likupita kutsogolo nkubwerera. Kungogwedezeka pang'ono, fokasi yachoka padiso yapita kukhutu.

Mkulu wina yemwe wajambula kuyambira nthawi ya filimu ataona zithunzi zanga anangoseka. "Achimwene, lenzi musainamizire. Ikani kamera pa thiraipodi, mujambule chinthu chosapuma, kenako mubwere tidzakambirane." Ndinachitadi zomwezo. Ndinamata masamba a nyuzipepala pakhoma, kamera pa thiraipodi, shata nkumaiwombetsa ndi taima kuti chala changa chisagwedeze kanthu, fokasi nkumaiika nditakulitsa chithunzi mpaka pamapeto. Ndinajambula pa apecha iliyonse kuyambira f/1.2 mpaka f/16. Pambali ndinatsamiritsa rula mopendekera kuti ndizione pomwe fokasi yagwera.

Ulendo woyamba mbali yakumanzere inatuluka yachimbuuzi kuposa yakumanja, pa apecha iliyonse. Mtima unagunda, poganiza kuti magalasi am'kati anasuntha mwini wake wakale ataigwetsa. Nditabwereka adaputa ina, vutolo linatheratu. Yanga yoyamba, yotchipa ija yopanda ngakhale dzina, inali yosalingana makulidwe, moti lenzi inkakhala mopendama pang'ono. Ndanena izi chifukwa ambiri amene amadandaula za malenzi akale pa kamera zatsopano sayamba ayesa kachitsulo kapakatika.

Pa f/1.2, pakati pa chithunzi, zilembo za nyuzipepala zonse zimawerengeka, ngakhale zing'onozing'ono. Koma chilembo chilichonse chimakhala ndi kankhungu kozungulira m'mphepete, ndipo chakuda sichida bii, chimakhala chotuwirako. Chifukwa chake nchodziwika. Magalasi onse 7 a lenzi iyi ndi opindika ngati chidutswa cha mpira, ndipo kuwala kodutsa m'mphepete mwa galasi lotere sikukumana pamalo amodzi ndi kodutsa pakati. Akatswiri amati spherical aberration. Zotsatira zake nzakuti chithunzi chenicheni chilipo, tsatanetsatane wake alipo, koma pamwamba pake payalidwa china chosafokasika. Pa nyuzipepala izi zimanyansa. Pankhope ya munthu, kuwala kukuchokera pambali, nzosiyana: khungu limasalala popanda kufufuta nsidze, ndipo tsitsi lomwe lagwidwa ndi dzuwa limakhala ngati likufuka. Mayi a kunyumba, omwe za malenzi sizimawakhudza nkomwe, anasankha chithunzi cha f/1.2 pa zisanu zomwe ndinawaonetsa, nkuti ndi chokhacho chomwe sichikuwakalambitsa.

Kutseka pang'ono kufika pa f/1.4 kumachepetsa nkhunguyo, koma osati kwambiri. Kusintha kwenikweni kuli pa f/2. Apa timasamba ta apecha tatchinga kuwala kosokoneza kwa m'mphepete kuja, ndipo chithunzi chimasanduka ngati mwasintha lenzi. Chakuda chimada, mizere imadukiza bwinobwino, ulusi wa malaya umawerengeka umodziumodzi. Ndili ndi lenzi ina ya 50mm f/1.8 yodzifokasa yokha, ndipo nditaziyerekeza zonse pa f/2, pakati pa chithunzi yakaleyi ndi imene inatsogola. Nzomveka: inayo pa f/2 imakhala itangotsala pang'ono kutsegula bowo lake lonse, pomwe iyi imakhala itatsekako kale ndi sitopu imodzi ndi theka (sitopu iliyonse imachepetsa kuwala ndi theka). Ndikafunsidwa chomwe munthu amalipirira pa lenzi ya f/1.2, ndimayankha kuti kwa ine ndi f/2 yabwino, ndipo f/1.2 ndi basera.

M'makona ndi nkhani ina. Pa f/1.2 ndi f/1.4 zilembo za m'makona zimakokeka ndi kusungunuka, pa f/2.8 zimayamba kubwerera, ndipo zimadzakhala bwino zedi pa f/5.6 ndi f/8. Pamenepo chithunzi chonse, kuchokera kona kufika kona, chilibe ponena. Pa f/16 chimafewanso pang'ono paliponse, koma imeneyo si mlandu wa lenzi iyi yokha. Kuwala kukadutsa pa kabowo kakang'ono kumamwazika, lenzi iliyonse imatero.

Makona omwewo amachitanso mdima lenzi ikatseguka yonse. Pakhoma loyera zimaonekeratu, pakati powala, m'mbali mwakuda. Pa f/2.8 mdimawo umakhala utatsala wochepa. Ine sindiukonza nkomwe pa zithunzi za anthu, chifukwa umakokera diso pakati. Mizere yoongoka yomwe ili cha m'mphepete, monga felemu ya chitseko, imapindikira kunja pang'ono ngati mimba ya mbiya, makamaka ukajambula pafupi. Pa kompyuta izi zimakonzeka m'kamphindi, ngakhale kuti uyenera kusankha wekha dzina la lenzi, poti kamera sidziwa chomwe wamanga.

Chomwe chinandikhumudwitsa kwenikweni ndi usiku. Ndinkayembekezera kuti lenzi yolowetsa kuwala kochuluka chonchi ndiye yojambulira nyenyezi ndi magetsi akutali. Kuwala imalowetsadi: pa masamu, f/1.2 imalandira kuwala kopitirira kawiri ka f/1.8, ndi kopitirira kasanu ka f/2.8, moti ISO, muyezo wa momwe sensa ikukuzira kuwala komwe yalandira, yomwe pa f/2.8 ikanakhala 6400 imatsika kufika cha m'ma 1250. Koma kadontho kalikonse ka kuwala komwe kali kutali ndi pakati kamamera mapiko, nkuoneka ngati kambalame kotambasula. Vutoli dzina lake ndi coma, ndipo ndimaseka ndekha kuti dzinali likugwirizana ndi mawu athu aja, chifukwa ndi pomwe aliyense woyamikira lenziyi amafika nkuti "koma". Mapikowo amachepa pa f/2, nkudzatha pafupifupi pa f/2.8 kapena f/4, kutanthauza kuti pa nyenyezi phindu lonse la f/1.2 lapita. A Nikon eniake ankalidziwa vutoli pa malenzi otseguka kwambiri, nchifukwa chake mu 1977 anatulutsa Noct-Nikkor 58mm f/1.2, yokhala ndi galasi lakutsogolo losulidwa mwapadera kuti lithane ndi coma. Iyi si Noct, ndipo kuiyesa ndi muyezo wa Noct nkuilakwira. Pojambula munthu pansi pa getsi la mumsewu, iye ali pakati, zilibe kanthu. Timapiko tija timasochera m'chimbuuzi cha kumbuyo.

Ukatseka kufika f/8 kapena f/11 usiku, pa thiraipodi, magetsi amasanduka nyenyezi za nsonga 18. Timasamba ta apecha tilipo 9, ndipo nambala ikakhala yosagawika pawiri, nsonga zimachuluka kawiri. Izi ndimazikonda kwambiri.

Za mitundu yabodza. Jambulani supuni yonyezimira kapena nthambi kumwamba kuli koyera pa f/1.2, mudzaona mzere wofiirira m'mphepete. Pa rula yanga ija zinaoneka mwadongosolo: manambala a kutsogolo kwa fokasi anali ofiirira, a kumbuyo obiriwira. Mtundu uwu wa vuto ndi wovuta kuchotsa pa kompyuta kusiyana ndi mitundu yabodza yomwe imaoneka m'makona mwa chithunzi, chifukwa ukauthamangitsa kwambiri umayamba kudyanso mitundu yeniyeni ya zovala. Pa f/2.8 umakhala utazilala. Pa zithunzi za black and white sufunika kuuganizira nkomwe, ndipo mwina nchifukwa chake zambiri zomwe ndimazikonda za f/1.2 ndinazichotsa mtundu.

Kumbuyo kosungunuka, komwe ojambula amati bokeh potengera mawu a ku Japan, ndiko kumakopa ambiri pa malenzi ngati awa. Apa ndinene mosabisa: kusungunuka nkochuluka, koma sikuti nthawi zonse nkofatsa. Kumbuyo kukakhala khoma kapena chinthu chakutali kwambiri, kumatuluka kosalala bwino. Kukakhala masamba a mtengo dzuwa likudutsamo, pa f/1.2 timipira ta kuwala timakhala ndi mkombero wowala m'mphepete, timapanikizana, ndipo diso limathawa pankhope nkupita kumeneko. Cha m'makona timipirato timaphwatalala ngati diso la mphaka. Chodabwitsa nchakuti pa f/2 kumbuyo kumakhala kodekha kuposa pa f/1.2, ngakhale kusungunuka kwachepa. Ndinayesa kangapo pamalo amodzimodzi ndisanakhulupirire.

Masana pali vuto lomwe sindinaliganizire pogula. Dzuwa likakhala pamutu, pa ISO 100, f/1.2 imafuna shata yothamanga kupitirira 1/16000 ya sekondi, pomwe kamera yanga imalekera pa 1/8000. Zithunzi zimapserera. Ndinagula fyuluta yochepetsa kuwala ya mamilimita 52, ndipo mwayi wake kukula kumeneku ndi kofala pa malenzi akale a Nikon, sikusowa. Dzuwa likalowa m'chithunzi kapena likakhala pambali penipeni, mitundu imasuluka ndipo nthawi zina pamabwera kadontho kobiriwira. Dzanja lotchinga pamwamba limathandiza.

Pa kafokasidwe ndaphunzira zinthu zitatu mopweteka. Focus peaking, timizere tamtundu tija tomwe kamera imaonetsa pomwe ikuganiza kuti pali fokasi, pa f/1.2 imanama, imayaka padiso ndi pakhutu nthawi imodzi. Chodalirika ndi kukulitsa chithunzi posuzumira, ndipo ndinaika ntchito imeneyi pa batani lomwe chala chachikulu chimafikapo msanga. Chinanso, kufokasa munthu ali pakati kenako nkutembenuza kamera kuti akhale pambali, komwe tinazolowera pa malenzi ena, pano kumaphonyetsa. Ndipo fokasi iziikidwa pa apecha yomwe ujambulire, osati kufokasa pa f/1.2 kenako nkutseka, chifukwa pa malenzi okhala ndi nkhungu ya mtundu uja malo a fokasi amatha kusuntha pang'ono bowo likachepa. Pa mirrorless izi nzosavuta, popeza chomwe ukuona ndi chomwe sensa ikuona.

Ngakhale pano, mwana akamathamanga, zophonya zimachuluka kuposa zogwira. Tsiku la mpikisano wa masewera kusukulu kwake ndinatenga ya f/1.8 yodzifokasa ija, ndipo sindinadandaule. Wojambula zochitika zomwe sizibwerezedwa, kapena wofuna makona angwiro lenzi ili yotsegula, ayang'ane malenzi amakono; ndi aakulu, olemera, koma pa f/1.2 amachita zomwe iyi singathe.

Nditawerenga zithunzi zomwe ndasunga m'miyezi isanuyi, zambiri ndi za f/2, zotsatira ndi za f/5.6, ndipo za f/1.2 ndi zochepa. Ndikuyerekeza chabe pamenepa, chifukwa kamera silemba apecha ya lenzi iyi mufayilo, ndimazindikira poona timipira ta kumbuyo ngati tili tozungulira kapena tayamba kuonetsa ngodya. Koma pa zitatu zomwe ndinatsukitsa nkupachika pakhoma, ziwiri ndi za f/1.2. Chimodzi ndi cha mwana uja, pawindo lomwe lija, diso lakumanzere lili ngwee, khutu litasungunuka.